Mashoko a Vitz atha? Mutha kusintha nokha, koma sipuling'i ya kutsogolo muiope

Galimoto zambiri zimene tikuyenderazi, ma Vitz, ma Fit, ma Sienta, ma Axio, zimachoka ku Japan zitayenda kale ndithu, ndipo mashoko amene zimalowa nawo pa Songwe kapena pa Mwanza nthawi zambiri amakhala omwe aja a ku fakitale, sanasinthidwepo. Kwawoko zimayenda pa tala wosalala. Kuno zikufikira m'maenje a pa M1, mahampu a m'tauni, msewu wafumbi wa kumudzi uja wa timizeremizere togwedeza mano, kuonjezera apo matumba a chimanga kubuti ndi anthu anayi mpando wakumbuyo. Makampani opanga mashoko ngati KYB ndi Monroe amati pofika makilomita 80,000 shoko imakhala itafooka, tsono taonani pa dashibodi yanu kuti ikuwerenga zingati, mwina yankho mwalipeza kale.

Ndilemba potengera Vitz ya 2005 mpaka 2010, imene nambala yake ya chassis nthawi zambiri imayamba ndi KSP90 kapena SCP90, ndiziitcha Vitz ya 90, poti ndi yodzadza m'misewu komanso kapangidwe kake nkofanana ndi tigalimoto tambiri tating'ono. Pomwe Corolla ikusiyana ndinena. Ntchitoyi ilibe matsenga, munthu wodziwa kugwira sipanala atha kuimaliza pakhomo Loweruka, koma pali malo amodzi pomwe imavulaza anthu zenizeni, pa sipuling'i ya kutsogolo, ndiye pamenepo ndichedwapo dala.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu kaye poti kumagalaja zonse timangoti shoko. Chimene chimanyamula kulemera kwa galimoto ndi sipuling'i, osati shoko ayi. Shoko ntchito yake nkuletsa sipuling'i kuti isamangonjanja ikagunda bampu, mkati mwake muli oyilo amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo zambiri za masiku ano amaikamonso gasi wa nitrogen kuti oyiloyo asachite thovu akatentha. Ndiye galimoto ikakhala pansi mbali imodzi vuto ndi sipuling'i, kugula shoko yatsopano sikuikweza. Ikamapitiriza kunjanja hampu mwaidutsa kale, imeneyo ndiye shoko. Kutsogolo kwa Vitz kuli chimene amati strut, shoko ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi, pansi yagwira habu, chitsulo chomwe tayala limamangidwapo, ndi mabauti awiri akuluakulu, pamwamba yagwira bodi kudzera pa mounting yomwe ili ndi bering'i, ndipo mukamakhota strut yonseyo imazungulira nawo. Kumbuyo shoko ili payokha, sipuling'i payokha, nchifukwa chake kumbuyo nkophweka.

Musanatulutse ndalama tsimikizani kuti ndi shokodi. Anthu akangomva gu gu gu kutsogolo amathamangira mashoko, pomwe kawirikawiri kaphokoso ka pa msewu wamiyala kamachokera ku stabilizer link, kachitsulo kowonda kotchipa kolumikiza strut ndi stabilizer (chitsulo choletsa galimoto kupendekeka pa kona), kapena mabushi, timalabala togwira stabilizer yomweyo, kapena ball joint, polumikizira pozungulira pansi pa habu, mwinanso mabushi a control arm, mkono wachitsulo wogwira habu kunsi. Mumasintha mashoko onse, kutuluka pa geti phokoso lili pompo, mtima kuwawa. Ndiye kwezani galimoto, gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze, kenako kumanja ndi kumanzere, gwirani link ija muikoke muone ngati ikusewera. Shoko yakutha imadziulula yokha. Ionereni ndi tochi kuseri kwa tayala: kachinyontho pang'ono kogwira fumbi kumtunda si nkhani, koma ngati oyilo watsika mpaka pansi thupi lonse lanyowa, yapita imeneyo. Yendetsani chikhatho pa tayala, mukamva zitunda ndi zigwa, lodyeka mabangamabanga, ndiye kuti tayala lakhala likudumpha m'malo mogwira msewu. Mukaponda buleki mphuno kulowa pansi kwambiri, pa kona galimoto kupendekeka mpaka okwera kugwira mpando, pa hampu kumveka phaa ngati yagunda pansi, zonsezi ndi zizindikiro. Kuyesa kuja kokanikiza bodi pakona nkuisiya kumathandiza, ikanjanja kupitirira kamodzi kapena kawiri shoko yafa, koma musakudalire kwambiri, shoko yofooka pang'ono imapambana mayeso amenewo bwinobwino. Mukamazungulitsa chiwongolero galimoto ili chiimire nkumamva ko ko kapena kulira kumtunda kufupi ndi galasi, imeneyo ndi mounting ndi bering'i yake. Za sipuling'i tengani tepi, galimoto ili pamalo osalala yopanda katundu, yezani kuchokera pakati pa habu kufika pa mlomo wa bodi pamwamba pa tayala, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana moonekeratu yang'anani koyilo ya pansi penipeni, ndi pomwe zimakonda kuthyokera poti mpomwe matope amakhala nkudya penti, dzimbiri nkulowa.

Ena amati bola ikuyenda. Eya ikuyenda, koma tayala lomwe likudumpha silingagwire buleki, ndiye nthawi ya mvula pa tala wonyowa mtunda woimira umatalika, ABS, ija yoletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda buleki, imangolira osathandiza kwenikweni, ndipo matayala amene mwagula modula aja akutha mwachangu.

Pogula, lamulo ndi limodzi: awiriawiri. Akutsogolo onse awiri, kapena akumbuyo onse awiri, masipuling'inso chimodzimodzi. Kuika yatsopano kumanja kusiya yotopa kumanzere galimoto imakoka mbali poponda buleki, ndipo yatsopanoyo siichedwa kutha. Pitani kushopu ndi nambala ya chassis, musangoti ya Vitz basi, chifukwa Vitz yoyamba ija ya 1999, ya 90 imene tikukambayi, ndi ya 130 imene inayamba kumapeto kwa 2010 ndi zosiyana, komanso pali za 4WD zomwe kumbuyo kwake nkwina. Ma strut akutsogolo ali ndi yakumanja ndi yakumanzere, timakutu togwira paipi ya buleki ndi link timakhala mbali zosiyana, ndiye onani R ndi L musanachoke pa kauntala. Mayina odziwika ndi monga KYB, Monroe, Gabriel amene amabwera kwambiri kuchokera ku South Africa, ndi Sachs, koma dziwani kuti pa msika pali zabodza zambiri zovekedwa bokosi la dzina labwino. Yeniyeni nambala yake imadindidwa pa chitsulo penipeni, kuwotcherera kwake nkosamalika, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa dzifunseni chifukwa chake.

Za kaunjika maganizo anga ndi awa. Strut yathunthu yochotsa pa galimoto ina ili ndi ubwino umodzi waukulu, simukhudza sipuling'i, mumangochotsa nkuika. Koma mukugula chinthu chomwe simukudziwa kuti chayenda mtunda wotani, mwina ndi msinkhu umodzi ndi chimene mukutayacho. Ngati thumba lakana ndipo mwaganiza choncho, kanani iliyonse yomwe yatsukidwa mpaka kuwala kapena yapakidwa penti wakuda watsopano, akubisa oyilo. Ndipo zija zoboola shoko nkuthiramo oyilo wina kenako nkuwotcherera, zimene ena amati kupopa, ine ayi. Chimene chinatha ndi silo, kalabala kotsekera oyilo, ndi mavavu a mkati, oyilo watsopanoyo atulukira pomwe anatulukira woyamba. Pamodzi ndi mashoko gulaninso labala yotchinga fumbi ija ya makwinya ndi bump stop, kachinkhupule kolimba kokhala pa ndodo ya shoko, ndipo ngati mounting yang'ambika kapena bering'i ikukhula musaibwezeremo, mudzamasulanso zonsezi mwezi wamawa. Labala ya fumbiyo anthu amaipeputsa, koma kwathu kuno fumbi ndi limene limakanda ndodo nkupha silo.

Zida: jeki yabwino, ma stand awiri achitsulo, masoketi ndi masipanala kuyambira 10 mpaka 21, chogwirira chachitali chomasulira zolimba, ma allen key, hamala, waya kapena chingwe chomangirira habu, mankhwala opopera dzimbiri monga WD-40 kapena Q20, choko kapena maka yolembera, ndi spring compressor, zopanira sipuling'i. Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bauti, ngati mungabwereke bwerekani. Pa ma stand sindikunyengererani, jeki yobwera ndi galimoto ija ndi yosinthira tayala panjira, si yoti muikepo moyo wanu mukukoka bauti ndi mphamvu zonse, ndipo njerwa kapena mabuloko a simenti amaphwanyika osachenjeza. Pansi pakhale posalala polimba, osati pa mchenga. Usiku wake poperani mabauti onse kuti mankhwala alowe.

Kutsogolo tsopano. Kokani handibuleki, ikani miyala kapena matabwa ku matayala akumbuyo, masulani pang'ono manati a matayala galimoto ikadali pansi, pa Toyota amakhala a 21. Kwezani mbali zonse ziwiri zakutsogolo, osati imodzi, chifukwa mukakweza mbali imodzi stabilizer imakhala yopotoka ndipo link ikana kutuluka, mulimbana nayo ola lathunthu pachabe. Khazikani pa ma stand, chotsani matayala, limodzi mulilowetse pansi pa galimoto cha pakhomo, likhale chitetezo chachiwiri.

Vitz ya 90 ili ndi kachipongwe kake: mutu wa strut wabisala pansi pa pulasitiki ya mawaipa, ndiye kuti mufike bwino muyenera kuchotsa mikono ya mawaipa, pulasitikiyo, mota ya mawaipa ndi chitsulo cha pansi pake. Musanachotse matani katepi pa galasi posonyeza pomwe waipa iliyonse inagona, apo ayi pobwezera izikamenya m'mphepete. Zimatenga kanthawi koma si zovuta, ndi timabauti ta 10 ndi timakilipu basi, timakilipu take muzitikoka mwaulemu poti dzuwa lathuli linatiumitsa kale.

Kunsi yambani ndi tating'ono. Masulani nati ya link pa strut, ikamazungulira pamodzi ndi mutu wake lowetsani allen key pakati kuti mugwire, tsukani kaye kabowoko ndi kawaya kuti kiyi ilowe mpaka pansi, ikalowa theka imadya m'mphepete ndiye mwaputa ntchito ina. Masulani bauti yogwira paipi ya buleki ndi waya wa ABS pa khutu la strut. Paipiyo simukuidula kapena kuitsegula ayi, mukungoichotsa pomwe yagwira, ndiye nkhani yochotsa mpweya m'mabuleki palibe. Jambulani ndi foni mmene wayayo wadutsira. Kenako lembani ndi maka mozungulira pomwe strut yalumana ndi habu kuti pobwezera musaphonye kwambiri. Mabauti awiri akuluakulu aja gwirani mutu ndi sipanala, muzizungulitsa nati, ndi olimba zedi ndiye apa mpofunika chogwirira chachitali. Nati ikamasuka musaichotseretu, isiyeni kunsonga kwa bauti muzimenya pa natiyo ndi hamala, mukamenya bauti yosavala muphwanya mazinga ake.

Apa tcherani khutu. Mabautiwo akangotuluka habu yonse ndi disiki imagwera kunja, ndipo ikagwa imakoka shafuti yozungulitsa tayala mpaka polumikizira pake pamkati, CV joint, kusolokoka, komanso imalendewera pa paipi ya buleki. Ndiye musanatulutse bauti yomaliza ikani jeki pansi pa control arm kuti ingochirikiza, ndipo mangirirani habu ndi waya ku bodi. Mukatero kwerani pamwamba. Pa Vitz ya 90 pali nati imodzi pakati imene yagwira strut ku bodi, mumagwira ndodo ndi allen key nkumasula natiyo, wina akhale atagwira strut kunsi kuti isagwere pa labala ya CV joint nkuing'amba. Pansi pa bodi, pa strut pomwepo, patsala nati ina yachiwiri, imeneyo ndi imene yagwira sipuling'i, musaikhudze. Pa Corolla monga ya chassis NZE121 ndi galimoto zina zambiri pamwamba pamakhala manati atatu ang'onoang'ono mozungulira ndi imodzi yaikulu pakati. Mumamasula atatuwo okha. Yapakatiyo ayi, ayi ndithu, mpaka sipuling'i itapanidwa.

Strut ili pansi tsopano, ndipo apa mpomwe ndinati ndichedwa. Sipuling'i imene mukuionayo, ngakhale ili phee, ndi yopanikizidwa kale pakati pa mbale yapansi ndi mounting, ili ngati msampha wotchera kale, ikungodikira kuti wina amasule nati imodzi ija. Ndi chitsulo chomwe chimanyamula kona yonse ya galimoto pamodzi ndi injini, ndiye chikafwamphuka mounting imauluka ndi mphamvu yothyola chibwano, kuswa zala kapena kuchotsa diso. Mwina munaonapo anyamata m'mbali mwa msewu akuimanga ndi waya, linya kapena chingwe, ena kuiponda ndi phazi nkumasula kuti iulukire uko, ena kugwiritsa kulemera kwa galimoto yomwe. Zoti iwo zinawayendera dzulo sizikukhudzani inu. Ngati mulibe compressor, kapena imene mwabwereka ili ndi mazinga odyeka ndi zikhadabo zopindika, nyamulani ma strut awiriwo ndi mashoko atsopano mupite nazo ku galaja yomwe ili ndi chida chabwino, akusinthirani pa ndalama yochepa, inu nkudzamanga nokha kunyumba. Palibe chamanyazi pamenepo, ntchito yambiri mwaigwira kale.

Ngati compressor muli nayo yabwino, chitani chonchi. Pakani girisi pa mazinga ake. Musanamasule kanthu lembani mzere ndi choko kuchokera pa mounting, kudutsa pa sipuling'i mpaka pa mbale yapansi, ndipo jambulani. Kolekani zopanira ziwirizo moyang'anana, ina uku ina uko, osati mbali imodzi, ndipo iliyonse igwire makoyilo ambiri mmene ingathere, zikhadabo zitakhala bwinobwino pa chitsulo. Mangani mosinthana, pang'ono uku pang'ono uko, ndi dzanja, osati ndi mfuti ya mpweya yomangira manati ija. Mukamanga mbali imodzi kwambiri sipuling'i imapinda ngati uta ndipo zopanira zimatsetsereka kukakumana mbali imodzi, mukaona zayamba kutero imani, bwererani m'mbuyo, yambaninso. Nthawi yonseyi strut igone chopingasa, mutu wake usaloze inu, usaloze mwana amene akuonerera, usaloze galasi la galimoto, ndipo nkhope yanu isakhale pamwamba pake. Muzipana mpaka sipuling'i itamasuka moti mutha kuigwedeza ndi dzanja pa mbale yake. Pokhapo ndi pomwe mumasule nati yapakati yogwira sipuling'i, pa Vitz yachiwiri ija, mutagwira ndodo ndi allen key. Natiyo ikamalimbabe mpaka kumapeto kwa mazinga ndiye kuti sipuling'i ikukankhabe, musapitirize, panani kaye.

Zochotsazo muziyala pansi motsatana mmene zatulukira, nati, mounting, bering'i, mbale yapamwamba, malabala, kuti pobwezera musamakande mutu. Sipuling'i yopanidwayo igonekeni pansi pang'onopang'ono pambali, osaiponya, osaimenya, ndipo isakhalitse chomwecho. Ngati mukuika yatsopano masulani yakaleyo mosinthana momwe munamangira mpaka itatambasuka yonse, kenako panani yatsopano. Muiyerekeze kaye ndi yakale, kunenepa kwa chitsulo, kuchuluka kwa makoyilo ndi mbali yomwe imayang'ana kumwamba, yakale kukhala yofupikirapo pang'ono nzachidziwikire poti inatopa.

Shoko yatsopano musanaiveke iimikeni chilili, ndodo kumwamba, muikanikize mpaka pansi nkuisiya ibwerere, katatu kapena kanayi, kuti oyilo ndi gasi zibwerere m'malo mwake poti yakhala chogona m'bokosi. Iziyenda mosalala popanda malo ofewa. Ndodo yonyezimirayo musaigwire ndi pulayala kapena vice grip ngakhale pang'ono, kachipsera kamodzi kokha kamadula silo ndipo pakangopita masabata shoko yatsopano ikudontha, inu nkumatukwana wogulitsa. Vekani bump stop ndi labala ya fumbi, khazikani sipuling'i. Pa mbale yapansi pali kakhwawa pomwe nsonga ya koyilo imakathera, nsongayo ifike pomwepo, ikakhala pena paliponse galimoto izilira pokhota ndipo itha kukwera mbali imodzi. Bwezerani zapamwamba motsatira chithunzi chanu, mangani nati yapakati, ngati m'bokosi munabwera yatsopano gwiritsani imeneyo. Mukatero masulani compressor mosinthana, maso ali pa nsonga zonse ziwiri kuti zikukhala m'malo. Ikachoka zungulitsani mounting ndi dzanja, izizungulira popanda kukhula.

Kubwezera pa galimoto ndi kubwerera m'mbuyo momwe munadzera. Lowetsani mutu ku bodi, gwiritsani nati pang'ono kuti ilendewere, kwezani habu ndi jeki mpaka mabowo akumane, lowetsani mabauti mbali yomwe analowera poyamba, yang'anani mzere wanu uja. Awiri amenewa amafuna mphamvu zenizeni, pa Vitz ndi kupitirira 150 Nm pa torque wrench, ndiye si omanga ndi kasipanala kafupi nkumati zatheka. Bwezerani link, paipi ya buleki ndi waya wa ABS, onetsetsani kuti paipi sinapotoke, kenako zungulitsani chiwongolero mbali zonse mpaka kumapeto muone ngati palibe chikukokeka kapena kukhula tayala. Mbali inayo chimodzimodzi. Nati yapamwamba mumalizitse galimoto itatera pansi, kenako mawaipa.

Kumbuyo nkosavuta. Mitu ya mashoko ili mkati mwa buti, m'mbali, kuseri kwa kapeti kapena kachivindikiro. Kwezani kumbuyo konse, ma stand pa bodi osati pa chitsulo chopingasa chogwira matayala chija, poti chimenecho chiyenera kutsika. Ikani jeki pansi pake cha kumene kuli sipuling'i muchinyamule pang'ono. Ngati mukusintha mashoko okha chitani mbali imodzi imodzi: masulani nati yapamwamba mutagwira nsonga ya ndodo kuti isazungulire, masulani bauti yapansi, shoko yatuluka, ikani yatsopano ndi malabala ake motsatana momwe analili, mawashala ake ali ndi mbali yoyang'ana kumwamba ndiye jambulaninso. Kumbukirani kuti shoko ndi imene imaletsa chitsulocho kugwa, nchifukwa chake jeki isachoke. Ngati mukusinthanso masipuling'i masulani mabauti apansi mbali zonse ziwiri, tsitsani jeki pang'onopang'ono mpaka masipuling'i atamasuka okha, apa compressor siifunika, mumangowasolola ndi dzanja. Potsitsapo maso akhale pa mapaipi a buleki ndi mawaya a ABS, akayamba kukokeka imani mumasule timabulaketi take. Malabala okhala pamwamba ndi pansi pa sipuling'i musawaiwale, amakonda kumatirira ku yakale nkutayidwa nayo limodzi. Eni Corolla NZE121 dziwani kuti kwanu kumbuyo sipuling'i yavala shoko, ndiye zonse ndanena za compressor zikukukhudzaninso kumeneko.

Kanthu kamene amakaniki othamanga amakadumpha: bauti yapansi ya shoko yakumbuyo imadutsa mu bushi ya labala, ndipo imeneyi siimangidwa kotheratu galimoto ili m'mwamba. Igwiritseni chabe, tsitsani galimoto iime pa matayala ake, injanjitseni kangapo, kenako mangani zolimba. Mukamangiratu ili m'mwamba, ikatera labalayo imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo imang'ambika msanga, gu gu gu uja nkubwerera. Malo akachepa kulowa pansi, kwezani chitsulo chija ndi jeki mpaka bodi itayamba kunyamuka pa stand, nkumanga pamenepo.

Poti mwamasula kale, ambiri apa amaganiza zokweza galimoto, ndipo ndikumvetsa, Vitz ndi yaifupi ndipo mahampu ena amamangidwa ngati akudana ndi galimoto zing'onozing'ono. Ma spacer, zotsamiritsa zokwezera galimoto, aafupi, a masentimita awiri kapena atatu, oikidwa bwino mbali zonse, ambiri amayenda nawo. Chimene sindigwirizana nacho ndi kutenga masipuling'i a galimoto ina yaikulu nkuwakakamiza, kapena kulowetsa zidutswa za matayala pakati pa makoyilo. Shoko imakhala yotambasuka mpaka kumapeto nthawi zonse ndiye pa bampu iliyonse imamenya kumtunda, ma CV joint amagwira ntchito atapindika kwambiri, ndipo pa kona galimoto yokwera imapendekeka mosavuta. Komanso nthawi zambiri galimoto imene mukuti ndi yaifupiyo inangokhala pansi chifukwa masipuling'i anatopa, mukaika atsopano a saizi yake imadzuka yokha. Ndipo ngati kubuti kumalowa matumba anayi a makilogalamu 50 anthu atadzaza kale, palibe shoko ya dzina lililonse imene ipirire zimenezo.

Manati a matayala mangani modumphitsa, ili kenako loyang'anana nalo, galimoto ili pansi, pa Toyota zing'onozing'onozi ndi 103 Nm, osati kukwerapo ndi phazi. Yendani pang'onopang'ono mozungulira dera lanu wailesi itazima, mawindo otsegula, mumvetsere, pondani buleki kangapo, dutsani pa hampu. Kenako pitani ku alignment, kowongola kaimidwe ka matayala, tsiku lomwelo kapena mawa lake, musazengereze, chifukwa mukamasula mabauti awiri a pa habu aja kaimidwe ka tayala kamasuntha ngakhale munalemba mzere, ndipo matayala akutsogolo atha kudyeka mbali imodzi musanazindikire. Kumbuyo kwa Vitz kulibe chosintha pa alignment, ndiye mukasintha akumbuyo okha ulendo umenewo mutha kuusiya. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 bwererani pa manati a matayala ndi mabauti a strut muone ngati alipo omasuka, ndipo suzumirani mashoko atsopanowo kuti ndi ouma.

Akale aja musawaponye pamoto wa zinyalala ndipo musalole ana kapena wowotcherera kuwadula ndi moto, muli oyilo ndi gasi wopanikizidwa, amaphulika. Apatseni ogula zitsulo zakutha, koma ngati mukudziwa kuti akakawatsuka nkuwapaka penti kuti akagulitse kwa mnzanu, pindani kaye ndodo yake ndi hamala.